Mphotho ya Mphunzitsi Wamng'ono

M'masukulu akulu a ku America, amene achedwa mayunivesite, muli gulu la anchito amene maina ao samveka kunja kwa mpanda wa sukulu. Anthu amenewa ndi anyamata ndi atsikana amene anatsiriza kale digiri yoyamba, ndipo alikuphunzira kuti alandire digiri yapamwamba. Koma ali pakati pa maphunziro aowo apatsidwanso nchito yophunzitsa ang'ono ao. Pa Cingerezi achedwa teaching assistants, ndiko kunena othandiza kuphunzitsa. Pulofesa aimirira m'cinyumba cacikulu kawiri kapena katatu pa sabata, nalankhula kwa ophunzira 300 kapena 500 nthawi imodzi, ndipo ora likakwana asonkhanitsa mapepala ace napita. Pamenepo khamu lija ligawidwa m'timagulu ta anthu 20 kapena 30, ndipo kagulu kali konse kapatsidwa wothandiza wace. Iyeyu ndiye alandira mafunso onse amene ophunzira anaopa kufunsa pulofesa. Ndiye aconga mapepala usiku. Ndiye aima pambali pa wophunzira m'cipinda coyeseramo mankhwala kuti angadzitenthe. Mwana wa caka coyamba angathe kumaliza caka conse pulofesa osadziwa nkhope yace, koma wothandiza adziwa dzina lace, kalembedwe kace, ndi malo amene nzeru zace zimakakamira.

Caka ca sukulu cikamatha, mayunivesite ambiri aitana othandiza owerengeka amene ayesedwa opambana anzao, nawapatsa cikalata caulemu pamaso pa akulu a sukulu, kwina pamodzi ndi kandalama pang'ono. Mwambo umenewu uoneka wokoma, ndipo wouona mothamanga sangaupezere cifukwa. Koma pansi pace pagona funso lobvuta, limene silikhudza mayunivesite okha ai, koma munthu ali yense amene anapatsidwapo mphamvu yakunena kuti uje wagwira bwino nchito. Kodi wopereka ulemuyo adziwadi cimene alikulemekeza? Nanga ngati sadziwa, ulemu wacewo uli ndi mtengo wanji?

Othandiza otere anabadwa ndi kusowa. M'caka ca 1876 anatsegula yunivesite ya Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore, motsanzira masukulu a ku Germany, kumene nchito yaikulu ya pulofesa inali kufufuza zinthu zatsopano ndi kulera ofufuza ena. Mayunivesite ena a ku America anatsata njira yomweyo, ndipo m'mabwalo mwao munayamba kuculuka anthu a digiri yoyamba ofuna yaciwiri ndi yacitatu, ambiri a iwo opanda ndalama zodzisungira. Mu 1944, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse isanathe, boma la America linaika lamulo lolipirira maphunziro a asilikali obwera kunkhondo, ndipo oposa 2 miliyoni analowa m'makoleji. Mapulofesa sanakwanire. Tsono mbali ina kunali ophunzira akulu ofuna ndalama za cakudya ndi za nyumba, mbali inanso khamu losowa wolifotokozera; kuwakumanitsa kunali kosabvuta, ndiponso kotsika mtengo. Nzeru yaceyo ndi yakale. Joseph Lancaster anaigwiritsa nchito ku London kuyambira 1798, pamene anaphunzitsa ana ambirimbiri a amphawi mwa kuika ana okulirapo kuti aphunzitse ang'ono. Ndipo okalamba a ku Zambia ndi ku Malawi amene anayambira m'masukulu a kumidzi a amishoni akumbukira bwino monitala, amene anali patsogolo pa ana ace ndi makalasi ocepa cabe.

Kuti wothandiza wabwino ayenera kuyamikidwa, palibe angatsutse akadziwa m'mene moyo wace ukhalira. Iye anadza ku yunivesite kudzalemba buku la zimene wafufuza, ndipo tsogolo lace lonse lapacikika pa bukulo. Tsiku lofuna nchito adzafunsidwa zimene anatulukira ndi kumene zinasindikizidwa. Ocepa okha ndiwo adzafunsa za ana 25 aja amene anawatsogolera m'masamu a caka coyamba. Ernest Boyer, amene anali mkulu wa bungwe la Carnegie loona za kaphunzitsidwe, anadandaula m'buku lace la mu 1990 kuti mayunivesite akweza anthu cifukwa ca kufufuza, nacepsa nchito ya kuphunzitsa. Cotero ora liri lonse limene wothandiza aonjeza pa pepala la mwana wofooka, alicotsa m'munda wace womwe. Anzace ocenjera amlangiza kuti acite zokwanira zokha kuti asadzudzulidwe. Akakana uphungu umenewo, nakhala mpaka pakati pa usiku kulemba m'mphepete mwa pepala kusonyeza pamene mwanayo anasocera, ndiye kuti wapereka cinthu cimene palibe akadamfunsa. Kulandira mphatso yotere cete, caka ndi caka, ndi mwano umene sukulu siyenera kucita.

Koma ulemu uli ndi khalidwe lacilendo, limene Aristotle, wanzeru wa ku Greece, analiona zaka zoposa 2,300 zapitazo. Pofunafuna cinthu cabwino koposa zonse m'moyo wa munthu, iye anakana kuti ndi ulemu, popeza ulemu utsamira pa wopereka koposa pa wolandira. Anaonanso kuti anthu afuna kulemekezedwa ndi anzeru ndi amene awadziwa, kuti atsimikize mumtima mwao kuti alidi abwino. Mmisiri wosema mitondo sakondwa kwenikweni pomtama mlendo wosasiyanitsa muwanga ndi mkuyu. Akondwa akamtama mai amene wasinjira mu mtondo wacewo zaka zisanu osang'aluka. Momwemonso cikalata ca yunivesite cilemera molingana ndi maso a amene anacipereka. Ngati anaona nchito, cikalataco ndi umboni. Ngati sanaone, ndi pepala lokongola lonena zambiri za mwambo wa sukulu koposa za munthu wolembedwapoyo. Funso lonse tsono lagwera pa njira imene yunivesite idziwira mphunzitsi wabwino.

Njira imene yafala koposa ndiyo kufunsa ophunzira eni ace. Teremu ikamatha ali yense apatsidwa pepala la mafunso, limene masiku ano liyankhidwa pa kompyuta, ndipo apatsa wothandiza wace nambala, kawirikawiri kuyambira 1 kufikira 5. Kwa zaka zambiri yunivesite ya Harvard inkapereka cikalata caulemu kwa othandiza amene manambala ao, atawaphatikiza ndi kuwagawa, anafika pa 4.5 kapena kupitirira. Njira imeneyi si yopusa. Ophunzira ndiwo anali m'cipindamo sabata ndi sabata. Adziwa amene anali kufika mocedwa, amene anali kubweza mapepala patapita mwezi, amene anaseka funso la mtsikana wamanyazi kufikira mtsikanayo analeka kufunsa. Pa zinthu zotere umboni wao ndi wolemera, ndipo sukulu yosamvera ophunzira ace ingasunge munthu wankhanza zaka zambiri. Koma mwana adziwa cimene camkomera m'kamwa. Cimene cidzamlimbitsa mafupa sacidziwa tsiku lomwe wadyalo.

Mu 1973 akatswiri atatu a ku America, Naftulin, Ware ndi Donnelly, anasindikiza mbiri ya cinthu coseketsa cimene anacita. Analemba ganyu munthu wocita masewero, namucha dzina lakuti Dr Myron L. Fox, namkonzera nkhani ya masamu amene iye sanawadziwe n'komwe. Nkhaniyo inakonzedwa dala kuti ikhale yopanda mutu: mau opeka, ziganizo zotsutsana, zitsanzo zosagwirizana ndi kanthu. Koma anailankhula ndi nkhope yowala, ndi nthabwala, ndi liu la munthu wodziwa. Omvera ace, onse pamodzi 55, sanali ana ai. Munali madokotala a matenda a maganizo ndi akulu a maphunziro. Atapatsidwa pepala la mafunso, ambiri anamtama. Kunena zoona ora limodzi silifanana ndi teremu yonse, ndipo wonyenga sangabise umbuli wace miyezi itatu. Komabe nkhani imeneyi isonyeza kuti kukoma kwa pakamwa ndi kudzaza mutu wa womvera ndi zinthu ziwiri, ndi kuti pepala la mafunso ligwira coyambaco msanga koposa caciwiri.

Cina cimene pepalalo ligwira ndi cocititsa manyazi. Mu 2015 Lillian MacNell ndi anzace awiri anafalitsa zimene anapeza pa yunivesite ina ya ku North Carolina, m'phunziro locitikira pa intaneti, m'mene ophunzira sanaone nkhope kapena kumva liu la wowaphunzitsa. Othandiza anali awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo ali yense anatsogolera timagulu tiwiri: kena ndi dzina lace lenileni, kena ndi dzina la mnzace. Mapepala onse anabwezedwa pa nthawi yofanana. Koma pofunsidwa za kubweza msanga, ophunzira anapatsa dzina la mwamuna 4.35 ndipo dzina la mkazi 3.55, ngakhale kuti kuseri kwa dzina la mkazilo nthawi zina kunali mwamuna. Oyankha anali 43 okha, ndipo mzati waung'ono cotere sungasenze denga lalikulu. Koma ku yunivesite ya Maastricht m'dziko la Netherlands ofufuza anawerenga mapepala otere pafupifupi 20,000, kumene ophunzira agawidwa kwa aphunzitsi monga mwa maere, napeza kuti akazi apatsidwa manambala otsika, makamaka akazi acicepere, ndipo makamaka ndi ophunzira amuna, pamene ana ao akhoza mayeso mofanana ndi a aphunzitsi amuna. Munthu akakumbukira mzere uja wa 4.5 aona kuti kusiyana kocepa kotere nkokwanira kupatsa wina cikalata ndi kumana wina, pa cifukwa cosakhudza kaphunzitsidwe kao.

Pamenepo ena ati, lekani kufunsa maganizo a ana, werengani zipatso. Amene ana ace apambana mayeso ndiye mphunzitsi. Dziko la England linayesa njira imeneyi kuyambira 1862, pamene Robert Lowe anaika lamulo lakuti ndalama za boma zipite ku sukulu molingana ndi ana amene akhoza kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyendera masukulu. Aphunzitsi, poopa njala, anayamba kulowezetsa ana pamtima zimene woyendera adzafunsa. Matthew Arnold, amene anali woyendera masukulu iye mwini, anatsutsa lamulolo kolimba, ndipo linathetsedwa m'zaka za m'ma 1890.

Umboni womveka koposa unacokera ku sukulu ya asilikali a ndege a America, ku Colorado, ndipo anaufalitsa Scott Carrell ndi James West mu 2010. Kumeneko wophunzira sasankha mphunzitsi. Onse aphunzira zofanana, alemba mayeso amodzi, ndipo afune asafune apitirira ku masamu otsatira. Ataona mbiri ya ophunzira oposa 10,000, ofufuzawo anapeza cinthu codabwitsa. Aphunzitsi amene ana ao anakhoza bwino koposa m'phunziro loyamba la masamu ndiwo amene ana ao anatsalira m'maphunziro otsatira. Kawirikawiri amenewa anali aphunzitsi atsopano. Ana a aphunzitsi okhwima anapeza malikisi ocepera poyamba, koma anapambana pambuyo pace. Ndipo pepala la mafunso linatama gulu loyambalo. Aphunzitsi amenewo sanali othandiza, koma cenjezo lace ligwera othandiza koposa onse, pakuti iwo ndiwo atsopano. Mantha a mayeso akali m'mafupa mwao, ndipo afuna kukondedwa ndi ana amene asiyana nao zaka zinai kapena zisanu zokha. Kuonetsa mwana njira yacidule yopezera yankho ndi cifundo cimene cioneka lero lomwe. Kumsiya alimbane ndi samu kufikira amvetse cifukwa cace kuoneka ngati kuuma mtima. Mphotho yotsata malikisi a teremu imodzi, kapena cimwemwe ca sabata lotsiriza, iphunzitsa wothandiza kusankha coyambaco.

Nanga kuphunzitsa kwabwino kwa wothandiza kuoneka motani kukacitikadi? Mbiri ya Uri Treisman iyankha bwino. Pakati pa zaka za m'ma 1970 iye anali wophunzira wa digiri yapamwamba ya masamu pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo anali kugwira nchito pakati pa othandiza ophunzitsa masamu ochedwa calculus, amene ali khomo lolowera onse ofuna uinjiniya ndi sayansi. Anaona cinthu cimene aphunzitsi anaciona kale nacizolowera: ophunzira akuda ambiri anali kulephera phunziroli, pamene ana a mabanja ocokera ku China anali kupambana. Mapulofesa atafunsidwa cifukwa cace anayankha mosacedwa kuti ana amenewa alibe khama, anacokera ku masukulu ofooka, makolo ao sasamala za maphunziro, ndiponso ndi amphawi. Treisman sanakhutire ndi mayankho a anthu amene sanapiteko. Kuyambira 1975 anasankha ophunzira akuda 20 ndi a mabanja a ku China 20, nawatsata miyezi yambiri kumene agona, kumene awerengera, ndi kwa makolo ao, kuti aone ndi maso ace m'mene aphunzirira.

Zimene anapeza zinagwetsa mayankho aja. Ophunzira akudawo anali akhama, ambiri anali otsogola m'masukulu ao akale, ndipo makolo ao anali ataika mtima wonse pa maphunziro ao. Kusiyana kunali pena. Iwo anali kuphunzira ali yense payekha, atatseka citseko, pakuti kumene anacokera kudzipatula ndiko kunawapulumutsa. Anzao aja, atatha kuwerenga payekha, anali kusonkhana madzulo, kudyera pamodzi, kufanizira mayankho, kutsutsana ndi kukonzana. Mwa njira imeneyi ali yense anadziwa samu imene yabvuta onse ndi imene yabvuta iye yekha, anadziwa kuculuka kwa nchito imene anzace acita, ndipo colakwa cace cinagwidwa usiku womwewo. Koma mwana wokhala yekha akalephera samu sadziwa ngati ndi yobvutadi kapena iye ndiye wopepera. Angataye usiku wonse kufunafuna colakwa pamalo pamene palibe, ndipo kunyada sikumlola kukapempha cithandizo ku makalasi a ofooka, popeza moyo wace wonse sanakhalepo wofooka. Akulu anatero kale kuti mutu umodzi susenza denga; koma panafunika munthu wopita kukaona kuti denga limeneli lirikugwera yani, ndi cifukwa ninji.

Cakumapeto kwa zaka zomwezo Treisman ndi anzace anayambitsa timagulu tatsopano. Sanatiche makalasi a otsalira. Oitanidwa anauzidwa kuti asankhidwa ku nchito ya olimba. Sanawapeputsire masamu, anawapatsa obvuta koposa a m'kalasi, kuti munthu asathe kuwamaliza yekha. Wotsogolera anali kuyendayenda pakati pao, kumvetsera, kufunsa funso, osafulumira kupereka yankho. Kulephera kunacepa kwambiri pakati pa olowa m'timaguluto, ndipo njira imeneyi inatengedwa ndi mayunivesite ena ambiri pa dzina lakuti Emerging Scholars. Treisman mwini wace analandira digiri yace ya udokotala mu 1985, patapita zaka khumi, ndipo mphotho yaikulu ya MacArthur inamfika mu 1992.

Wowerenga adzifunse kuti ndi pepala liti la mafunso likadasonyeza nchito imeneyi m'caka ca 1975. Miyezi imene anathera m'zipinda za ophunzira sikadaonjeza kanthu pa nambala yace. Ndipo mwana wopatsidwa samu yobvuta, namanidwa yankho, angathe kulemba 3 ndi mtima wonse pa sabata lotsiriza, nadzazindikira zimene anamcitira ali kale injiniya. Ubwino wa Treisman unayambira pa cinthu cimodzi: anakana kuweruza ophunzira ndi mphekesera, napita kukaona. Yunivesite yofuna kulemekeza anthu otere siyenera kuwaweruza iwo ndi njira yomwe iwo anaikana. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo nambala yocokera pa kompyuta ndi kandimverere wa mapulofesa.

Kuona kwaceko si cinsinsi. Pulofesa alowe m'cipinda ca wothandiza wace, akhale kumbuyo, osati kamodzi kokha pa tsiku lodziwika pamene zonse zakonzedwa ngati nyumba yoyembekeza apongozi, koma kangapo. Atenge mapepala ocongedwa, awerenge zimene zalembedwa m'mphepete, aone ngati mwana wolakwa wauzidwa pamene anapatukira kapena wangolembedwa mtanda. Afunse ophunzira patapita caka, pamene maziko ayesedwa ndi kulemera kwa khoma. Mau a ophunzira a pa teremu asatayidwe, koma awerengedwe monga umboni wa mboni imodzi pa mlandu. Ku Berkeley komweko kwakhala mwambo wina wanzeru: wothandiza amene wasankhidwa kale ndi gawo lace angathe kulemba nkhani yaifupi yochula bvuto limodzi limene anakomana nalo pophunzitsa, cimene anacita, ndi m'mene anadziwira kuti cathandiza, nkhani zopambana zisungidwa kuti othandiza atsopano aziwerenge. Pamenepa mphotho yasanduka mphunzitsi, ndipo ndi cinthu cokoma. Koma nayonso iri ndi cilema cace, pakuti ikomera odziwa kudzifotokoza. Mnyamata wacete wocokera ku dziko lakutali, amene Cingerezi cace cimveka cacilendo koma amene satopa kufotokoza samu kacisanu, angapitiriridwe ndi njira imeneyi monga apitiriridwa ndi pepala la mafunso. Iyeyu sadziwika popanda wina kumuona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndipo pali mfundo yolimba. Kudekha kumeneku kudya nthawi ya pulofesa, ndipo nthawi ya pulofesa ndiyo imene yunivesite inafuna kupulumutsa polemba wothandiza. Sukulu imene inapeza njira yocipa yophunzitsira idzafunanso njira yocipa yoyamikira. Ndipo pali cifukwa cina cobisika cimene cikometsa pepala la mafunso kwa akulu a sukulu. Munthu amene wakhala kumbuyo kwa cipinda, nawerenga mulu wa mapepala, saona luso lokha, aonanso maora. Wothandiza kawirikawiri alembedwa nchito ya maora 20 pa sabata, ndipo woona muluwo ayamba kuwerengera ngati maora 20 angaumalize. Akafunsa pang'ono amva za lendi ya nyumba, za mwana wakhanda, za ndalama zimene zitha mwezi usanathe. Nambala ya 4.7 siinena zimenezi. Ilola sukulu kutama mmodzi osadziwa ngongole yace kwa onse.

Cifukwa ca ici ena ati mphotho zonsezi zithetsedwe, pakuti ndi njira yophimbira malipiro ocepa. Mkwiyo wao uli ndi maziko, koma yankho lao lapitirira. Malipiro ndi ulemu ndi ngongole ziwiri zosiyana. Malipiro ndi a ali yense amene wagwira nchito imene anapangana. Ulemu ndi wa amene wapitirira pangano. Mwini munda amene walipira aganyu onse monga anagwirizana, kenaka nachula dzina la mmodzi amene mizere yace yaongoka koposa, wacita bwino kawiri. Amene atama mizere naumira pa malipiro aseka anthu. Kulakwa sikuli m'kutama, kuli m'dongosolo lace.

Mbiri ya ku America isonyeza kuti dongosolo limeneli lakhala lobvuta kulisunga. Othandiza a pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison anapanga bungwe lao mu 1966, ndipo pangano loyamba la nchito analipeza mu 1970 atanyanyala nchito masabata oposa atatu. M'mayunivesite amene si a boma mkangano unafika ku bwalo loona za anchito, lochedwa National Labor Relations Board, ndipo funso lace linali lakuti, kodi anthu amenewa ndi anchito kapena ndi ophunzira cabe? Mu 2000, pa mlandu wa New York University, bwalolo linati ndi anchito. Mu 2004, pa mlandu wa Brown, linati ndi ophunzira. Mu 2016, pa mlandu wa Columbia, linabwerera ku mau ace oyamba. Pa milandu yonseyi mayunivesite ndiwo anali kuumirira kuti kuphunzitsa kwa othandiza ndi mbali ya maphunziro ao, osati nchito yeniyeni. Nkobvuta kumvetsa kuti munthu mmodzi yemweyo angakhale mphunzitsi wopambana pa tsiku la zikalata, nakhala wosagwira nchito pa tsiku la mlandu.

Pa 14 November 2022 anchito a zamaphunziro pafupifupi 48,000 a yunivesite ya California, m'masukulu ace onse khumi, kuphatikizapo Berkeley, ananyanyala nchito pofuna malipiro olingana ndi mtengo wa nyumba. Ena a iwo anali othandiza kuphunzitsa, ena anali ofufuza. Inali nyengo yoyandikira mayeso. Timagulu tija ta anthu 20 sitinasonkhane, mapepala anaunjikana osacongedwa, mapulofesa ena anasintha mayeso ao kapena kuwacepetsa, ndipo malikisi a ophunzira ambiri anacedwa kutuluka. Kunyanyalako kunatha pa 23 December, pafupifupi masabata asanu ndi limodzi citayambire, anchitowo atabvomera pangano latsopano lokweza malipiro ao.